Gitala Imene Inabwera Kudzajambulitsa

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Bungwe Logawa Thandizo kwa Aluso a M'madera Otsalira,
Ofesi ya pamwamba, kumene kuli kapeti.

Bwana,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo. Ndinenso mlembi wa gulu lathu la zisudzo ndi nyimbo, udindo umene anzanga anandipatsa chifukwa ndili ndi tebulo. Timakumana m'shedi yakale ya akalipentala kuseri kwa garaja. M'gulumo muli achimwene ometa tsitsi, amayi ogulitsa makala, mlamu wanga wowotcherera zitsulo, ndi achinyamata amene pakanapanda zisudzo bwenzi akuswera pa siteji ya basi. Chaka chatha tinapempha thandizo lokonzera denga ndi kugulira zida zoimbira. Anzanga andituma kuti ndithokoze, ndipo ndithokoza mwadongosolo monga munatiphunzitsira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maphunziro a ku hotela aja. Sitinkadziwa kuti umphawi nawo uli ndi kalembedwe kake. Aphunzitsi anu anatiuza kuti munthu wozindikira salemba kuti denga likudontha, amalemba kuti malo ochitirako luso akukumana ndi zovuta za nyengo. Chichokereni kumeneko, mvula ikayamba timasuntha mabenchi mwaulemu, podziwa dzina lenileni la chimene chikutinyowetsa. Mlamu wanga anaonanso mpopi wotulutsa madzi ukangouonetsa manja. Mpaka lero nkhani yake ndi yomweyo.

Chachiwiri, tikupepesa chifukwa cha zimene tinalakwitsa tsiku limene anthu anu anabwera kudzaona ngati tilidi osauka. Ife mwaumbuli wathu tinasesa, tinasamba, ena mpaka kubwereka nsapato. Mayi amene anabwera ndi kamera atationa anakhumudwa kwambiri, ndipo sitikumudzudzula. Anatipempha kuti tivule nsapatozo, achimwene ometa nawo anauzidwa kuti asokoneze tsitsi la achinyamata limene anali atalikonza ulere m'mawa wonse. Amene anakhoza mayeso ndi amayi a makala okha, chifukwa anafika mochedwa kuchokera kumsika osadzera kubafa. Popeza kunali dzuwa, mnzake wa mayiyo anakwera padenga ndi ndowa ya madzi kuti kudonthako kuoneke pachithunzi. Mwendo wake unaboola lata n'kulowa mpaka m'bondo. Chibowo chimenecho tikuchisamala, bwana, chifukwa ndi ntchito ya manja a bungwe lanu.

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga ukusefukira, ndi tsiku lopereka zida lija. Lole itaima tinaona magitala, ng'oma zonyezimira, kiyibodi ndi masipika otalika ngati munthu. Inu munalankhula bwino zedi. Mutafika pa mawu akuti luso la amphawi silidzagonanso ndi njala munatulutsa kampango n'kupukuta m'maso, ndipo ife amene timadziwa kuvuta kwa kulira pagulu tinayang'anana ndi kaduka. Achimwene ometa, munthu amene wakalamba akuimba gitala ya nsambo za waya wa mabuleki a njinga, anapatsidwa gitala yofiira. Anainyamula ngati khanda. Misozi yawo sinafune kampango.

Galimoto yanu itangokhota pa garaja, anthu a lole anayamba kulongedza. Anatifotokozera mwaulemu kuti zidazo zikufunika kudera lina, kumene munali kukaziperekanso masana omwewo. Achimwene anakana kuisiya gitala ija, moti anawakoka nayo limodzi mpaka pa matayala. Kuyambira pamenepo takhala tikuiona pa kanema ili m'manja mwa anthu osiyanasiyana, onse osavala nsapato, onse akumwetulira. Timaizindikira ndi pamene inakandika ndi chitsulo cha lamba wa achimwene. Gitala imeneyo yayenda malo ambiri kuposa gulu lathu lonse, ndipo palibe amene anaimvapo ikulira. Makasitomala awo akaiona pa kanema akumetedwa amati achimwene, mwana wanu uja wayambanso kuoneka. Iwo amangozimitsa makina n'kutuluka panja, munthu n'kutsala ndi mutu wometedwa mbali imodzi.

Chachinayi, talandira uthenga wanu wotiyamikira kuti popeza tathandizidwa, dera lathu lachotsedwa m'gulu la madera otsalira, ndipo sitingapemphenso. Sitinkadziwa kuti kutukuka sikupweteka chonchi. Tinangodzuka m'mawa tili otukuka. Mwini shedi naye anationa pa kanema titazunguliridwa ndi masipika, ndiye wakweza lendi. Akuti tikakanika pakutha pa mwezi uno aikamo nkhuku, zimene akuti sizidandaula za denga. Achinyamata ena abwerera kale ku siteji ya basi kukaitanira. Mtsikana amene amatitsogolera nyimbo, mwana wa mawu oti akayamba kuimba amakanika a m'garaja amasiya kukhoma, azakhali ake amuuza kuti zamasewerazo zakwana, azikagulitsa madzi pamsewu. Akugulitsa bwino, bwana. Mawu aja akumuthandiza.

Tsono dzana kunafika kalata yotiitana kuti tidzasangalatse alendo pa mwambo umene mudzalandire mphoto chifukwa cha ntchito imene mwagwira kwathu kuno. Mwalembamo kuti sipadzakhala malipiro, koma tidzapindula podziwika. Tavomera ndi manja awiri. Takonza sewero latsopano lofotokoza mbiri ya ubale wathu ndi bungwe lanu, ndipo mbali yanu akusewera ndi achimwene ometa, amene anaipempha okha. Kayendedwe kanu akatha. Kakhosomoledwe kanu musanayambe kulankhula akatha. Jekete ndasoka ine, pilo wa pamimba wapereka ndi mlamu wanga, ndipo kampango akutulutsa pa nthawi yake moti amayi a makala amagwa pabenchi ndi kuseka.

Vuto lili pa chigawo chomaliza. Anthu sakonda sewero lothera pachisoni, ndiye tinalemba kuti pamapeto Mkulu wa Bungwe akupereka chinthu kwa munthu, n'kuchisiya, n'kumapita. Achimwene akafika pamenepa amangoima. Akuti wosewera amatsanzira zimene anaonapo, ndipo sakudziwa kuti zala zanu zimatani zikamasiya chinthu, kapena nkhope yanu imayang'ana kuti.

Pempho lathu ndi laling'ono. Tsiku lina mukamadutsa, muime pang'ono pa shedi yathu, opanda kamera, muwaonetse kamodzi kokha. Chinthucho musavutike nacho, tidzakubwerekani ife.

Ndine wanu wotukuka kumene,

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo,
Mlembi wa gulu, mpaka kutha kwa mwezi uno.