Deki Yanga Inatafuna Apongozi

Mpaka lero, mkazi wanga Enelesi akandiona m'sitolo ndikunyamula chinthu n'kumachiyesa kulemera ndi dzanja, amangotuluka kukandidikira pamthunzi. Sindimudandaula. Dzanja lomweli ndi limene linamulanda mayi wake chinthu chimene sitikanatha kugula kulikonse.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndili mlangizi wa zaulimi ku Chinyunyu. Ntchito yanga inali kuzungulira m'midzi pa njinga kuuza alimi kuti chimanga cha mbewu asankhe cholemera, dzungu labwino ndi lolemera, mbuzi yabwino ndi yolemera. Ndinazinena mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti chilichonse pansi pano chimasankhidwa choncho.

Chaka chimenecho mng'ono wake wa Enelesi anakwatiwa ku Lusaka, ukwati n'kuujambula pa vidiyo. Apongozi anga aamuna anali munthu wosavina, ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza mutu. Koma tsiku limenelo anadzuka n'kuvina mpaka anthu anakwera pamipando. Ine ndinaona ndi maso anga. Enelesi ndi mayi ake anali kuseri ku zophika, anangomva nthungululu. Patapita miyezi yochepa, bambowo anamwalira. Kaseti ya ukwatiwo inalipo imodzi yokha, ndipo anaitumiza kwa ife kuti tiwaonetse mayi amuna awo akuvina.

Enelesi anati tipite nayo ku Rufunsa, kumene mnyamata wina ankaonetsa vidiyo kuseri kwa msika. Ndinakana mwaukali. Apongozi anga, mayi wolemekezeka, akakhale pa benchi lonunkha kachasu? Ndinati ndigula zanga. (Zoona zake n'zakuti sinema ya m'nyumba ndinali nditailakalaka kalekale, Enelesi akundikaniza. Apa ndinapeza chifukwa chimene sakanatha kuchitsutsa.)

Ndinagulitsa chimanga ndi mbuzi, n'kukwera minibasi ya ku Lusaka. M'sitolo yoyamba anandionetsa deki yatsopano, yam'bokosi. Deki, kwa achinyamata amene simunaione, ndi makina amene ankameza kaseti n'kutumiza zithunzi pa TV. Ndinainyamula, inali yopepuka ngati mulibe kanthu. Nditamva mtengo wake ndinaona kuti kupepukako n'chifukwa chokwanira choisiyira.

Kumsika wa zinthu zakale ndi kumene ndinakumana ndi munthu wanga, wovala magalasi akuda mkati mwa kasitolo kamdima.

"Ba bosi, onani iyi," anatero akusisita chideki chachikulu, chakale, chachitsulo. "Ni ya kudala, simbi yekayeka. Za manje ni mapulasitiki chabe."

Ndinachinyamula. Msana unalira, mtima unakhala pansi.

"Isebenza?" ndinafunsa, kufuna kudziwa ngati imagwira ntchito.

"Iyi? Inali ya muzungu wa ku migodi. Anailira pochoka."

"Tiyeseko."

"Malaiti yayenda manje manje, ba bosi. Mwachedwa pang'ono chabe."

Pakhomo loyandikana nalo munthu ankametedwa ndi makina a magetsi, ndikumva bwinobwino. Koma munthu ukafuna chinthu, makutu amagona. Ndinagulanso TV yokhala m'bokosi lamatabwa ndi masipika awiri ofika m'chiuno, zonse nditaziyesa ndi dzanja. Wogulitsayo anandipatsa kaseti ya anthu omenyana ngati mbasela. Masipika ndi TV zinakwera padenga la minibasi, deki ndinaifungata pamiyendo ulendo wonse. Pofika pa Chinyunyu miyendo inali itafa dzanzi, anachita kunditsitsa.

Kwathu kunalibe magetsi, choncho ndinabwereka jenereta kwa wamalonda wina wa pamsewu, amene anayamba waipempherera asanandipatse. Titayatsa, TV inawala, ngakhale zonse zinkaoneka zobiriwira. Sipika imodzi inabangula. Inzake inangokhala chete, ndipo mpaka pano ndi tebulo lathu loikapo maluwa. Deki inameza kaseti ya omenyana ija, n'kuyamba kung'ung'udza osaonetsa kanthu.

Ndinamasula chivundikiro n'kupeza kalamba ka mphira kozunguza timawilo katadukaduka ndi ukalamba. Sindinade nkhawa. Kwathu kuno malegeni, timizere todula ku chubu cha njinga, amamanga katundu, amagwira denga, amatseka chidebe chodontha. Akanalephera bwanji kuzunguza kawilo? Ndinadula kamzere kopyapyala, kukamanga mfundo, kukakoleka. Deki inayenda. Omenyana aja ankaoneka ngati alawako pang'ono, koma ankamenyana ndithu. Ndinazimitsa msanga posunga petulo.

"Batate ba Mwaka, mwayesa mpaka kumapeto?" Enelesi anafunsa. Mwaka ndi mwana wathu woyamba.

"Makina yakayamba yayamba," ndinayankha ndikupukuta manja ngati injiniya.

Lamlungu masana apongozi aakazi anafika kuchokera ku Mpanshya, akadali ndi mpango wakuda kumutu. Apa ndifotokoze. Chikwatirire, ine ndi mayiwo tinali tisanakhalepo m'chipinda chimodzi kapena kulankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'tchire. Mawu onse ankadutsa mwa Enelesi. Ndiye ine mwini sinema, amene ndinagulitsa mbuzi, malo anga anali kuseri kwa nyumba pamodzi ndi jenereta. Pawindo tinatchinga bulangeti kuti mukhale mdima. Amayi oyandikana nafo anadzaza m'nyumba, Enelesi n'kudina batani.

Poyamba zinayenda. Ndinkamva nyimbo za ukwati, nthungululu, amayi akuseka madiresi a anzawo. Ndinakhala pa mtondo, mwendo pa unzake, ndikudzitamandira ndekha. Zolankhula za akuluakulu zinatenga nthawi, monga mwa maukwati athu. Kenako nyimbo inayamba kukokeka ngati woimbayo akuyasamula.

"Batate ba Mwaka," Enelesi ananong'ona kuseri kwa bulangeti, "banthu bayamba kupendama."

Ndinaganiza kuti jenereta yatopa, n'kuiwonjezera moto. Sipika inabangula mpaka nkhuku zinathawa. Pakati pa phokosolo ndinamva mawu a apongozi, aang'ono ngati a mtsikana: "Awo, awo, anyamuka." Kenako deki inalira khrrr, nyimbo n'kuduka.

"Enelesi," anatero mayiwo modekha, "funsa amuna ako, atate ako ayenda kuti?"

Ndinamva ndekha, pakati pathu panali bulangeti chabe. Koma mwambo ndi mwambo, ndinadikira.

"Ati atate bayenda kuti?" Enelesi anabwereza.

"Ubauze amayi kuti babwera manje manje."

Apongozi anatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ine ndilowe. Nditatsegula deki, fungo la mphira wopsa linandilandira. Legeni langa linali litatentha, kufewa, n'kutereka. Tepi inatuluka m'kaseti n'kukulungana pa timawilo ngati matumbo a nkhuku. Apa nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha. Mayi uja anabwera ulendo wonsewo kudzaona mwamuna wake kamodzi kokha, ndipo ine ndinamudyetsa ku chitsulo chifukwa chofuna kutchuka. Enelesi sanakalipe. Anangoima pambali akundigwirira tochi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Ndinaikoka pang'onopang'ono. Mbali ina inali itakhwinyata n'kung'ambika moti sikanabwereranso. Ndinaidula ndi lezala, kulumikiza nsonga ziwirizo ndi selotepi, n'kukulunga ndi chala. Chidutswa chimene ndinadulacho ndinachiika m'thumba la shati.

M'mawa mwake tinakwera minibasi ya ku Rufunsa, apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Tinapita komwe kuja ndinanyoza. Mnyamata wa vidiyo anatilola kulowa makasitomala asanabwere. Deki yake inali yaing'ono, yopepuka, mtundu womwe uja ndinausiya m'sitolo. Apongozi anakhala pa benchi lija ndi Enelesi. Ine ndinaima panja n'kumasuzumira pa mpata wa matabwa.

Anafulumizitsa kaseti mpaka pamalopo. Apongozi aamuna anaoneka, amoyo, atavala jekete lawo la Lamlungu. Anaika chipewa pampando, anaimirira, anakonza kolala, anatukula mwendo. Chithunzi chinaphethira kamodzi. Kenako anali atakhalanso pampando, akupukuta thukuta ndi mpango, anthu akuwomba m'manja. Kuvina konse kunali m'thumba langa.

Ndinalakalaka nditakwera basi iliyonse, ngakhale ya ku Chipata. Mayiwo anapempha kuti abwezeretse, anaonanso. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, misozi ikutsika.

"Ndiye iwowo," anatero. "Na kumunda tinali kungoona thukuta, osaona kulima."

Atatuluka analunjika kumene ndinaima. Ndinayamba kupatuka monga mwa nthawi zonse, koma panalibe tchire, panali khoma la msika.

"Atate a Mwaka," anatero, kwa ine, popanda Enelesi. "Kaja munadula munataya?"

Anali mawu awo oyamba kwa ine chikwatirire. Ndinagwada, n'kutulutsa tepi yokhwinyata ija, kuwapatsa ndi manja awiri. Anaiyang'ana padzuwa ngati aonamo kanthu, anaipinda bwinobwino, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Imwe munaliko. Munaona?"

"Ninaona, amayi."

"Anavina bwanji?"

Ndinayamba kufotokoza, maso ali pansi, kuti anayamba ndi mwendo wakumanzere, kenako anawerama.

"Nimvera lini na pakamwa," anandidula, kukana zongouzidwa. "Nionetseni."

Ndinayang'ana Enelesi kuti andipulumutse. Iye anayang'ana kumwamba. Choncho ine, mlangizi wa boma, wodziwika m'midzi yonse, ndinavula chipewa, kukonza kolala, n'kuvina pamsika wa Rufunsa dzuwa likuswa mtengo, popanda nyimbo. Ogulitsa nthochi anasiya malonda. Minibasi ina inaima popanda wotsika. Ndinawerama monga anawerama malemuwo, kugwedeza mapewa, kuzungulira mwendo uli m'mwamba mpaka nsapato inavuka. Apongozi sanasekenso. Ankangondiyang'ana, dzanja lili pa mfundo ya chitenje ija.

"Bwerezani paja pa mapewa," anatero motsitsa mawu.

Ndinabwereza.

Deki ija ilipobe, imagwira chitseko cha khola la nkhuku, ndipo pa ntchito imeneyo kulemera kwake sikunandikhumudwitsepo. Kuyesa zinthu ndi dzanja sindinasiye, ndisakunamizeni. Koma kuyambira chaka chimenecho, Khirisimasi iliyonse mpaka pamene anatisiya, apongozi akatha kudya ankatembenukira kwa mwana wawo, ine ndili pomwepo pakhomo.

"Enelesi, uza amuna ako ayatse vidiyo."

Ndipo ine ndinkadzuka, kuika chipewa pampando, n'kukonza kolala.