Mbiri ya achemwali pa minibasi

Lolemba
Ndili pakati pophunzitsa, ahedi akundikodola pazenera. Achemwali anga a Esinati atisiya. Ndikubwerera m'kalasi kukafufuta bolodi, sindikudziwa chifukwa chake.

Pasiwa ku Maramba abale agamula: popeza ndimawerenga mabuku, ndilembe mbiri ya malemu, ndikawerenge kumanda Loweruka amalume akafika kuchokera ku Chipata. Pasiwa salembapo. Kwathu ku Dambwa North kwadzaza alendo. Yatsala minibasi. Tsamba limodzi popita, lina pobwera. Zitheka!

Lachiwiri
Kope latsopano, mabolopeni awiri. Ndangolemba kuti "Malemu anabadwa", tayala lagwa m'dzenje. Chaka chobadwa chathera pa bondo la bambo wa buluku loyera. Ndapepesa mpaka pa siteji.

Lachitatu
Ndakhala kumbuyo. Mayi wina wandisenzetsa khanda osafunsa, monga mwa mwambo. Ladya ngodya ya tsamba ndi mawu akuti "wokonda mtendere". Likuoneka kuti lakhuta.

Lachinayi
Andiwerengera paphewa! Mayi wa tomato: "Ba ticha, wofatsa ni ndani? Esinati wogulitsa zovala za salaula? Uja ananithamangitsa na hang'ala ya malaya pamsika!" Minibasi yonse ikumudziwa. Andilamula kulemba izi:
ankauza azibambo m'maso kuti mimba yakula, asavutitse buluku;
anagulitsa chijasi chaubweya mu Okutobala, mu Livingstone muno;
suti yaukwati ya adalaivala anasankha ndi iye, ati akanawasankhiranso mkazi.
Olemba akuluakulu ankalemba ali okha. Ine ndili ndi akonzi khumi ndi anayi, ndi nkhuku.

Lachisanu
Minibasi yafa panjira. Takankha, yakana. Ena apita wapansi, ine ndakhala pansi pa mtengo. Bata lomwe ndalifuna sabata yonse, maola awiri athunthu. Sindinalembe ngakhale chilembo. Ndangokumbukira mmene achemwali ankandiberekera popita kusukulu, akunditukwana njira yonse kuti ndikulemera. Adalaivala andipatsa chisanza cha oyilo ndipukutire misozi. Ndafika pasiwa nkhope ngati makaniko.

Loweruka
Kumanda. Ndatsegula kope: chiganizo chimodzi ndi theka. Ndawerenga, zatha. Anthu akudikira. Ndiye ndanena za hang'ala, za chijasi, za mimba za azibambo. Azimayi a pamsika akuseka uku akulira, wina akufuula, "Ni yeve uyo!" Abusa akuyang'ana nsapato zawo. Amalume pobwerera: "Mphwanga, sukulu yonse ija n'kukanena za hang'ala?"

Lamulungu
Sindikwera chilichonse lero. Alendo akumanga katundu. Achemwali asiya ana awiri, mabelo atatu a salaula osamasula, ndi ine amene sindidziwa kukuwa pamsika.