Mlendo wa Pamwamba pa Wadirobu

M'nyumba mwanga kuno ku Kasisi muli chipinda chimene ndimalowamo nditayamba ndatsokomola, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikuuzani chifukwa chake, bola musakauze anzanga a kuntchito.

Mkazi wanga atabereka mwana wathu woyamba, apongozi anabwera kuchokera ku Katete. Atangotula katundu analamula kuti mayi ndi khanda akhale m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Mlendo asaone mwana, ndipo ine wokwera maminibasi a ku Lusaka, wokhudzana ndi anthu osadziwika kumene agona, ndizithera pakhomo. Ananena akuyang'ana khoma (mkamwini sayang'anidwa kumaso) kuti ndikaphwanya mwambo, atenga onse awiri kupita nawo kwawo.

Ndinaseka chamumtima poti ndinali nditakonzeka kale. Ndinali nditaitanitsa pa intaneti kamera yoonera mwana pafoni, kwa wogulitsa wina wa kutsidya kwa nyanja. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yotchipa ngati tomato wa madzulo. Pofika, msonkho ndi mtengo wonyamulira zinaposa kamerayo, pulagi yake nayo inakana kulowa pakhoma mpaka ndinachita kugula ina. Malangizo anali m'zilembo zimene sindinazionepo, ndiye ndinangodinadina mpaka chithunzi chinatuluka. Ndinanyengerera mkazi wanga kuti aiike pamwamba pa wadirobu. Apongozi tinawauza kuti ndi chopirikitsira udzudzu.

Masiku oyamba ndinkayenda ngati bwana. Mu minibasi ndinkaonetsa ngakhale kondakitala mwana wanga akuyasamula (inde, mwana wa m'chikuta yemweyo).

Loweruka masana ndili pabalaza, mkazi wanga anandiitana motsitsa mawu. Anati kanthu kaja kakutembenuza mutu kutsatira amayi ake. Ndinaganiza kuti ndakhalira foni, choncho ndinaitulutsa m'thumba, kuithimitsa, n'kuima pakhomo manja ali kumbuyo.

Kanatembenukabe. Pang'onopang'ono, kakulira ngati njenjete m'mtengo, kanadutsa mkazi wanga, kanadutsa zenera, kanaima pa mwana. Kenako kanayamba kuimba. Anali mawu a mayi wachikulire, otsika, onjenjemera, m'chilankhulo chimene sindinachimvepo ngakhale kwa masisitere a ku mishoni. Mwana amene analira kuyambira m'mawa anangoti zii, maso ali kumwamba. Kutonthola kumeneko ndiye kunandiopsa koposa. Nyimbo itatha, diso la kamerayo linadzuka n'kundiyang'ana ine.

Apongozi sanakuwe. Anafunditsa mwana chitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatireni anandiyang'ana m'maso.

"Atate ake mwana, mlendo ameneyu munamulowetsa ndinu?"

Ndinayankha za netiweki. Mawu anga sanandikhutiritse ngakhale ine mwini.

Ndinazula kanthu kaja, kukakulunga m'thumba la fetereza n'kuthamangira kwa wokonza mafoni ku Chongwe. Njira yonse ndinakagwirira patali ngati nkhuku yachitopa. Mkuluyo anakapima n'kupukusa mutu.

"Ba bosi, aka kanthu kakali pa akaunti ya mwine wake wakudala. Zonse zamene muona, na yeve aona. Siningachoseko popanda pasiwedi yake."

Ndinafunsa kuti mwiniwakeyo ndani. Anati mwina agogo ena amene ankaimbira mdzukulu wawo, mwinanso ayi, iye sangadziwe. Ndinafufuza wogulitsa uja kuti andimasulire, koma sitolo yake inali itazimiririka pa intaneti ngati sinakhalepo.

Pobwerera ndinapeza zikwama zili pakhonde. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalonjeza mbuzi. Apongozi anali atabwerera kolankhula ndi khoma, ndipo analiuza kuti chikuta choonedwa ndi alendo akachimalizira kwawo. Mkazi wanga ananditsanzika osakweza maso, chifukwa bodza la udzudzu linamugwetsa nayenso.

Mchombo unagwera ku Katete. Ndinamva pafoni, patapita masiku, kudzera kwa mlamu wanga. Zinandipweteka kwambiri, poti munthu wosadziwika anamuona mwana wanga bwinobwino n'kumugoneka, pamene ine bambo wake ndinali ndisanamunyamulepo.

Akuti mkazi wanga ndi mwana abwera mvula ikatha. Kamera ija sindinaitaye (ndalama zanga zija, abale). Ndinaibwezera pawadirobu, ndipo Loweruka lina kusungulumwa kutandikulira ndinailumikiza kumagetsi. Inatembenuka, inafunafuna pabedi popanda kanthu, inadikira nthawi yaitali. Kenako inandipeza pakhomo, n'kuyamba kundiimbira ine.