Tsiku limene ndinasaka zenera ku Roma

Anthu akandifunsa kuti, "Inu munafika ku Roma, tatiuzani m'tchalitchi cha Petulo Woyera muli bwanji," ndimayamba kutsokomola, kenako n'kufunsa ngati kwawo mvula yayamba. Lero ndatopa nako kutsokomola. Ku Roma ndinafikadi, koma zimene ndinakachitako ngakhale mbuzi ikanandiposa, poti mbuzi ikaona khomo lotsegula imangolowa.

Zinali m'zaka za Chitaganya. Ndinali kalaliki pa kopaleti yogula nsawa ku Fort Jameson, Chipata wa lero (a ku Nyasalande, nsawa ndi mtedza wanu womwe uja, musayese chakudya chachilendo). Akuluakulu a ntchito anandisankha kuti ndikaphunzire ku Mangalande miyezi ingapo. Nditaonetsa tikiti kwa bambo mfumu a pa mishoni yathu, anandiuza kuti ndege idzanditula ku Roma m'mawa, ina n'kudzandinyamula dzuwa litalowa.

"Tsiku lathunthu limenelo, mwana wanga," anatero. "Usakaodzere pa benchi. Ukakwere basi, ukaone kwa Petulo."

Nkhani inafika kwa atate ku Kasenengwa ine ndisanafike. Atate anali katekisiti wopuma, maso atafa kale. Moyo wawo wonse anaphunzitsa anthu za Roma pansi pa mitengo ya mango, koma iwo malire awo anali ku Katete. Nditapita kukatsazika, anafufuza dzanja langa, n'kuikamo kolona yawo yakale, mikanda yake yosalala chifukwa cha zala.

"Ukaikhudzitse pamanda a Petulo," anatero. "Ukamuuze kuti ku Kasenengwa kuli nkhalamba yake. Ukabwera nayo, ndidzafe nayo m'manja. China sindifuna ayi, shuga kapena jekete usavutike nazo."

Anandipatsanso nsawa zosenda, zomanga pansalu, ati kwa akulu sapita chimanjamanja. Ndinalonjeza mokweza, anthu akumva. Ndinali ndi suti yobwereka, nsapato zatsopano za kwa Amwenye zimene zinali zisanaphunzire mapazi anga, ndi mtima wodzimva ngati bwanamkubwa.

Za m'ndege ndisanene, ndinangotseka maso n'kumapempha chikhululukiro cha machimo, ena oti sindinachite n'komwe. Ku Roma tinatera kukuwala bwino. Ndinakwera basi, kenako ina, ndikungotchula dzina la Petulo kwa aliyense, mpaka ndinatulukira pabwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nsanamira zamiyala. Kutsogolo kwake kunali tchalitchi chija. Abale anga, nyumba imeneyo mungalowetsemo mishoni yathu yonse, sukulu, khola la ng'ombe, n'kutsala malo ovinira.

Makomo anali otsegula, anthu akulowa ndi kutuluka ngati nyerere. Ndinawayang'ana bwinobwino: onse azungu. Chapambali panali asilikali ovala zamizeremizere, atagwira mikondo yaitali. Ine amayi anga ndi a ku Mtenguleni, kwa anthu a mikondo ndi zishango, ndimadziwa kuti pamene pali mkondo pali mwini mudzi, ndipo kwa mwini mudzi sulowa ngati nkhuku. Umakhala pansi chapatali, wina akuone, adzakufunse kumene wachokera, akanene m'kati. Choncho ndinavula chipewa, n'kunjuta patsinde pa nsanamira, kansalu ka nsawa patsogolo. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Odi!"

Palibe anacheuka. Ndinati mwina mawu achepa.

"Odi kuno! Alendo!"

Mayi wina wonenepa anandiyang'ana, n'kukokera mwana wake kumbali. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha mpaka mthunzi wa nsanamira unandithawa, dzuwa n'kundipeza pamutu.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera (ndikuti nzeru, koma inu mupeza dzina lake). Kwathu m'tauni masiku amenewo, sitolo za azungu munthu wakuda sankalowera pakhomo. Kumbali kunkakhala kazenera. Unkaima pamenepo, kutchula chimene ukufuna, dzanja n'kutuluka nacho. Ndinakula ndikudziwa kuti nyumba iliyonse yabwino ili ndi khomo la eni ake ndi zenera lathu. Ndiye ndinadziseka kuti, iwe chitsiru, wakhalira kuomba m'manja kukhomo la azungu, pamene anzako ali pamzere kuseri. Ndinaganiza kuti kumeneko ndikapereka kolona pazenera, wina akaikhudzitse pamanda, andibwezere.

Ndinanyamuka kukasaka zeneralo. Ndinatuluka pabwalo, n'kutsata mpanda wamiyala, wautali ngati phiri, ndikuti ndizungulire kuseri. Mpanda uja unakhota, ine n'kukhota nawo. Unakwera mtunda, ine n'kukwera nawo. Panjira ndinapeza khomo lina pali mzere wa anthu, ine n'kuyesa ndi lathu, koma nditayandikira, onse azungu ndi makamera pakhosi. Ndinapitirira. Kufunsa ndinaopa, poti kwathu funso lotere linkayankhidwa ndi kukalipa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Nsapato zija zinayamba kundiluma kuzidendene, kenako kuzala. Ndinazivula, n'kuzimanga pakhosi ndi zingwe zake. Tsono taganizani: munthu wa suti, tayi ili pakhosi, nsapato zili pakhosi pomwepo, akutsimphina m'mbali mwa mpanda, maso ali m'mwamba kusaka kazenera. Agalu a ku Roma anandiuwa, ndipo sindiwadandaula.

Mpanda uja unandibweza pabwalo lomwe lija, dzuwa litapendeka. Zenera kulibe. Ndinakhala pansi patsinde pa nsanamira ina, njala itandigwira, n'kumasula kansalu kuti nditapeko nsawa ziwiri zokha, Petulo andikhululukire. Sindinadziwe kuti nkhunda za pabwalopo zilibe mwambo. Inatera imodzi, kenako gulu lonse, zina pamapewa, ina pamutu penipeni. Pothamangitsa ndinagunda kansalu, nsawa zonse mbwee pamiyala. Azungu anandizungulira n'kumandijambula, akuseka. Mphatso ya atate inatha ndikuona, suti yobwereka itasanduka yamawangamawanga.

Pamenepo ndinalira, osati m'mtima ayi, misozi yeniyeni. Ndinayamba kudandaula mokweza m'chinenero chathu.

"Atate inu, mwatuma chitsiru! Mukanatuma galu bwenzi atabwerako ndi fupa!"

"Achimwene, kodi mwaferedwa?"

Ndinadzidzimuka. Pambali panga panaima asisitere achikuda, achikulire ndithu, atanyamula kachikwama. Anati ndi a ku Dedza, anabwera ku Roma kudzaphunzira za unamwino. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira odi mpaka nkhunda, ndipo ndinamaliza ndi kuwapempha kuti andilozere zenera la anthu akuda.

Anayamba aseka, n'kugwira pakamwa. Kenako kuseka kunatha, anangondiyang'ana.

"Kuno kulibe zenera, achimwene. Khomo ndi lomwelo mukulionalo. Aliyense amangolowa."

"Osaitanidwa?"

"Osaitanidwa. Ndi tchalitchi chanu. Koma dzukani msanga, nthawi yotseka yakwana!"

Ndinathamanga opanda nsapato, kolona m'manja, asisitere akundikuwira kumbuyo kuti ndilimbike. Bwalo lija ndi lalikulu, abale. Nditafika pamasitepe, anthu anali akutuluka okhaokha, bambo wina wa yunifolomu atatambasula manja kubweza olowa. Ndinamuonetsa kolona, ndinagwada, ndinayankhula Chingelezi chonse cha ku sukulu, asisitere nawo anayesa m'chinenero cha komweko. Iye anangoloza wotchi yake, n'kunena mawu amodzi amene asisitere anati akutanthauza mawa. Mawa ine ndinali woti ndili ku Mangalande, ndipo ulendo wobwerera sunkadzera ku Roma. Chitseko chinatsekedwa ndili chogwada. Kununkhira kwa lubani kokha n'kumene kunandipeza panja.

Miyezi yonse ya ku Mangalande kolona ija inkandilemera m'thumba ngati mwala. Maphunziro ndinakhoza, koma sindikumbuka tsiku limene ndinasangalala.

Nditabwerera ku Kasenengwa ndinapeza atate atafooka, ali gone pamphasa pakhonde. Anthu odzandilonjera atabalalika, anandiitana kuti ndisendere.

"Tandiuza," anatero. "Pazenera lathu panali mzere wautali?"

Nawonso ankadziwa dziko monga ndinkalidziwira ine.

"Kulibe zenera, Atate. Aliyense amalowera pakhomo."

"Ngakhale ife?"

"Ngakhale ife."

Nkhope yawo inawala, mwina sindinaionepo ikuwala chotero. Anadzuka pang'ono, n'kutsamira chigongono.

"Ndiye unalowa! M'katimo muli bwanji?"

Ndinawauza zonse, osasiyako ngakhale nkhunda. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinkafuna andikalipire, mwina zikanandipepukira.

"Odi unanena?" anafunsa.

"Ndinanena, Atate. Kambirimbiri."

"Ndiye ulemu unaupereka. Ndinakuphunzitsa ndine." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kolonayo. Yafika pakhomo, yandiposa ine."

Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe, kolona ili m'manja monga ananenera, yosakhudza manda a munthu aliyense. Chitaganya chinatha, mazenera aja anawatseka ndi njerwa, ndipo ana anga amalowa paliponse osagogoda n'komwe. Ine phunziro ndinalimva, koma miyendo yanga sinalimve. Sabata yatha mdzukulu wanga anandiperekeza kuchipatala m'tauni, khomo lili pululu, anthu akulowa. Iye anafika m'kati, n'kubwerera kudzandifuna. Anandipeza panja, chipewa chili m'manja, ndikudikira wina andiuze kuti ndilowe.