Za Nambala Seveni, Imene Yafa Isanayende

Kwa Bwana Woyang'anira Magalimoto a Kampani Yathu ya Buledi,

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndine dalaivala wa Nambala Seveni, galimoto yotuwa ija yagona kuseri kwa galaja, boneti ili yasa, nkhuku za alonda zikuikiramo mazira. Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri. Akuti Lachinayi ndikaonekere pamaso pa komiti, ndikafotokoze chifukwa chake ndisachotsedwe ntchito, poti ndapha injini chifukwa cha "kusasamala". Mayi a kunyumba aiwerenga kawiri, kenako atuluka kukakhala pakhonde. Ndiye ndati ndisanapite kokazengedwako ndiyambe ndathokoza, ndipo kalatayi ndiimata pa bolodi la ku kantini kuti anzanga athokoze nawo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maphunziro. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyendetsa galimoto mu umbuli wosaneneka. Ndinkaganiza kuti oyilo wamba amasinthidwa pa makilomita 5,000, kapena ikatha miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso kuti galimoto ngati zathuzi, zoima pa golosale iliyonse ndi kumeza fumbi tsiku lonse, siziyenera kudikira mpaka pamenepo. Inu munapita ku semina masiku atatu, n'kubwerako ndi chipewa, cholembera chonyezimira, ndi uthenga woti kunja kuno kuli oyilo wa sinthetiki amene amapirira mpaka makilomita 10,000. N'zoona zimenezo, bwana, ngakhale pa botolo lake analembapo. Tsiku lomwelo munalamula kuti pasapezeke galimoto yolowa sevisi isanakwanitse 10,000. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha alamu anu amene munawaika ku sitolo ya zipangizo za kampani. Koma ndiye munthu wosamala za kampani ameneuja! Ataona mtengo wa sinthetiki anagwira pamtima, n'kupitiriza kutiguliramo oyilo wamba wa mumgolo uja. Choncho lamulo ndi la sinthetiki, koma cholowa mu injini ndi wamba. Ndikanawanena, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mabotolo enieni a sinthetiki amabwera ndithu, anayi anayi, ndipo ndimawaona akutsanuliridwa m'galimoto yanu yakuda ija, imene ntchito yake yolemetsa ndi kukunyamulani pa tala kuchokera kunyumba kufika ku ofesi. Imeneyo ikangoyetsemula, amakaniko onse amasiya tiyi.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndavula chipewa, zikomo chifukwa cha masamu anu. Miyezi khumi ndi inayi yapitayo, mita ya makilomita ya Nambala Seveni inaima pa 214,380. Manambala anangoti zii. Ndinalemba fomu yoti ikonzedwe. Munayankha kuti tizinthu ting'onoting'ono timakonzedwa limodzi ndi sevisi. Chabwino. Ndinayenda milungu ingapo, n'kulemba fomu ya sevisi. Pamalo pa makilomita a sevisi yapita ndinalemba 211,900, pamalo pa makilomita a lero ndinalemba zimene mita inkaonetsa. Munachotsera nokha ndi cholembera cha ku semina chija, munapeza 2,480, n'kulemba mawu amodzi: "Sinakwane." Pansi pake ndinali nditalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mita ndi yakufa, koma pamenepo m'pamene panagwera chidindo chanu.

Mwezi wotsatira, sinakwane. Winawo, sinakwane. Mita idzakonzedwa pa sevisi, sevisi idzachitika mita ikayenda. Ine ndinalekeza sukulu panjira, bwana, nzeru ngati zimenezi ndimangoziyang'ana kukamwa kuli pululu.

Chachinayi, zikomo poweruza nkhani ya makaniko wathu wamkulu, bambo Sipanala. Mdala ameneuja anasolola kandodo koyezera oyilo, n'kukwera nako masitepe mpaka mu ofesi mwanu. Oyilo anali wakuda bii, wonanda ngati phula. Munawaphunzitsa kuti oyilo sayezedwa ndi maso koma ndi makilomita, ndiponso kuti potuluka apukute chitseko chimene anagwira. Kuyambira tsiku limenelo tinkangothirira, lero kalita, sabata yamawa kalita, ngati munthu wowonjezera madzi oyera m'beseni limene asambamo kale anthu khumi. Fyuluta yosefa oyilo idakali yomweija.

Lolemba lapitali, pa chikweza cha pafupi ndi njanji, nditasenza makireti makumi anayi a buledi, nyale yofiira inayaka. Injini inagogoda katatu n'kuzima. Yanoka, yaferatu. Ndinakhala m'mphepete mwa msewu n'kulira, bwana, ine bambo wa ana anayi, imvi zili mbuu. Galimoto imeneija ndakhala nayo zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkaidziwa kulira kwake kuposa chifuwa cha mwana wanga, ndipo kwa chaka chathunthu ndakhala ndikuimva ikupempha, ine n'kumaiyankha kuti sinakwane. Chandipweteka kwambiri, ndipo chikundipwetekabe. Kale ankati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma pa kampani pano zikuoneka kuti akudya ndi akulu, m'mimba mukupota mwa ife.

Tsopano pempho langa, ndipo ndalemba nditagwada. Mafomu onse khumi ndi anayi ali ndi siginecha yanu, ndipo mayi a kunyumba, amene sataya ngakhale pepala la sopo, anasunga makope ake. Malinga ndi mapepala amenewa, Nambala Seveni sinasunthe ngakhale kilomita imodzi kwa miyezi khumi ndi inayi. Ndikuopa kuti a komiti adzafunsa kuti buledi ankafika bwanji m'magolosale, ndi kuti dizilo amene munkasainira Lolemba lililonse ankamwa ndani. Mwinanso adzafuna kumva kuti ndapha bwanji galimoto imene sindinaiyendetse. Mbuli ngati ine singayankhe mafunso otere. Chonde mudzabwere mudzandithandize, ndipo cholembera chija musachiiwale.

Ndamva kuti komiti ikakumana ku likulu, ndipo Lachinayi lomwelo galimoto yanu yakuda idzakhala pa sevisi, yachitatu chaka chino. Musavutike ndi minibasi, munthu wa ulemu wanu. Ndidzakutengani pa Nambala Seveni. M'mabuku mwanu yatsala ndi makilomita 7,520 oyilo wake asanafunike kusintha, ndipo ku likulu ndi makilomita khumi ndi awiri okha. Nkhuku ndathamangitsa, mazira ndabwezera alonda. Ine ndidzakhala pa chiwongolero monga mwa ntchito yanga, poti mpaka Lachinayi ndidakali dalaivala. Inu mudzangovala nsapato zosaterera, chifukwa kumbuyo kukufunika munthu mmodzi wokhulupirira manambala woti azikankha.

Ndine wantchito wanu wodzichepetsa, amene mpaka lero sanakwane,

Dalaivala wa Nambala Seveni