Tsiku Limene Ndinapalasa Bwato ndi Apongozi

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti palibe amene anamira. Tonse tinabwerako amoyo ndipo banja langa likadalipo. Zimene zinatsala pachilumba chija ndi ulemu wanga ndi nsapato ya kumanzere.

Chaka chatha apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Dedza kudzationa kuno ku Indianapolis. Ife timakhala dera lina la mzindawu lotchedwa Lawrence, kumene munthu wopanda galimoto amangokhala pawindo kuonerera agologolo. Ine ndi akazi anga tonse timagwira ntchito kuchipatala, mashifiti osinthana, moti kwa miyezi ingapo amayiwo anangodziwa malo awiri: kutchalitchi, ndi mashopu a ku Lafayette Road kumene timakagula ufa ndi nsomba zouma. Akazi anga anati sizoona kuti mayi awo abwerere kumudzi ataona zokhazo. Tinagwirizana zowatengera pa ulendo wa sitima yapamadzi, zija zikuluzikulu zonyamuka ku Florida n'kumaima pazilumba. Matikiti a ndege ndi a sitima anagula okha akazi anga. Ine anandipatsa ntchito imodzi yokha: kubukitsa zokachita tikatsika pachilumba.

Kwa amene simunakwerepo, zimakhala chonchi. Sitima ikaima, pamtunda pamakhala timaulendo tokonzeratu. Ena amakwera basi yozungulira tauni, ena amakasambira, ena amakwera boti la galasi pansi n'kumaona nsomba osanyowa ndi chala chomwe. Akazi anga anasankha boti lagalasilo kuti tikakwere tonse atatu. Vuto lake ndi lakuti malo amakhala ochepa, pamene anthu m'sitimamo ndi khwimbi.

Loweruka lina tinapita ku South Bend kwa a Kachingwe, anzathu amene anavomera kutisungira mwana wathu Tadala pa sabata ya ulendowo. Iwo sitima zimenezi anakwerapo kangapo. Tili kuseri kwa nyumba tikuotcha nyama, anandifunsa.

"Amwene, zapamtunda zija mwabukitsa?"

"Nthawi ikadalipo, achimwene."

"Bukitsani lero lomwe. Anthu a kuno amabukitsa miyezi isanakwane. Mukachedwa mukapeza makombo."

"Aaa, malo satha," ndinatero ine. "Minibasi imadzaza koma munthu amakwera ndithu."

(Ndinalankhula zimenezi molimba mtima, nditagwira foloko yotembenuzira nyama, ngati munthu wodziwa za panyanja. Ine kusambira sindidziwa. Madzi ambiri amene ndinali nditalowamo pa moyo wanga anali a m'bafa.)

Masabata anadutsa. Akazi anga akafunsa, ndinkayankha kuti zili m'manja. Sindinkanama kwenikweni, poti foni inkakhaladi m'manja.

Ulendo utatsala pang'ono, ndili pa buleki kuntchito, ndinati nditsegule apu ya sitima ija pafoni ndimalize kantchitoka. Boti lagalasi: ladzaza. Kukaona akamba: kwadzaza. Kukakhala pamchenga pansi pa ambulera, chinthu chosafuna nzeru: kwadzazanso. Ndinatsikira m'munsi thukuta likuyamba. Panatsala malo atatu pa ulendo wokalawa zakudya za pachilumbapo, koma ndikali kuwerenga kuti zakudyazo ndi zotani, malowo anazimiririka ndikuona. Wina kwinakwake anali ndi chala chachangu kuposa changa.

Zotsala zinali ziwiri. Mpando umodzi m'basi yozungulira tauni, yokaima pa tchalitchi chakale ndi pamsika. Ndi malo awiri pa timabwato tapulasitiki tokwera awiriawiri, topalasa wekha m'kamtsinje ka m'nkhalango. Ndinaona kuti Mulungu sanandisiye. Amayi akwere basi, ine ndi akazi anga tikapalase. Nthawi yomweyo mnzanga wa kuntchito anasuzumira pakhomo kuti akundifuna kuwodi, ndiye ndinadina mofulumira.

Apa mpofunika ndifotokoze za mayina. Akazi anga dzina la m'pasipoti ndi Edith Mwale. Apongozi ndi Edina Mwale. (Dzina limeneli ndinalidziwa chaka chomwecho powalembera kalata yowaitana. Mkamwini dzina la apongozi alifuniranji?) Pa kafoni kanga mayina onse awiri anaoneka odukiza: "Edi... Mwale" pamwamba, "Edi... Mwale" pansi. Ine ndinaganiza kuti wamkulu ndiye amayamba kulembedwa, monga mwa ulemu. Ndinaika wapamwambayo m'basi, wapansiyo m'bwato ndi ine.

Madzulo ndinakazifotokoza kunyumba ngati ndinachita kukonza dala. Ndinati boti lagalasi limachititsa chizungulire anthu akuluakulu, bola amayi akapume m'basi yozizira bwino, ife awiri tikakhaleko patokha pang'ono, poti chibadwire Tadala sitinayendepo awiri. Akazi anga anandiyang'ana mwachikondi.

"Koma inu nthawi zina mumaganiza," anatero.

Tinakasiya Tadala ku South Bend, tinakwera ndege, tinalowa m'sitima. Za m'sitimamo sindinena zambiri, kungoti ndinadya ngati ndikubwezera. Matikiti a zapamtunda anatibweretsera mu envelopu kuchipinda. Ndinangoona nthawi yonyamukira n'kuwabwezeramo.

M'mawa wa tsikulo tinatsika padoko. Tinayamba taperekeza amayi ku basi. Mtsikana woima pakhomo la basiyo anaika khadi lawo pa kamakina kake, kamakinako kanalira moipa. Anayesanso. Kenako anayang'ana papepala lake n'kunena kuti iye ali ndi Edith, osati Edina.

Akazi anga anandilanda envelopu ija. Anawerenga tikiti yoyamba, anawerenga yachiwiri, kenako anandiwerenga ine.

Ndinayesa kuchonderera. Ndinauza mtsikanayo kuti awa ndi munthu ndi mayi ake, magazi amodzi, angosinthana basi. Iye anayankha mwaulemu kuti kusintha dzina kumachitikira m'sitima dzulo lake, pano sangathe, ndipo basi ikunyamuka. Ndinatembenukira kwa akazi anga n'kunena kuti chabwino, tonse tingobwerera m'sitima, tikadye.

"Munabukitsa liti zimenezi?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinatchula tsiku lake. Sindikudziwa chimene chinandigwira kuti ndinene zoona.

"Ine ndakwera basi," anatero, nakweradi.

Ndinatsala ndi apongozi padzuwa. Ndinawafotokozera, maso ali pansi, kuti pachitika kachisokonezo pang'ono, ndiye bola tibwerere akapume.

"Kupuma ndapuma miyezi yonseyi pawindo paja," anayankha. "Ndinabwera kudzaona dziko. Bwatolo lili kuti?"

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa kulemera kwa nkhaniyi. Mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi. Miyezi yonse imene anakhala m'nyumba mwathu, moni tinkapatsana chapatali. Akakhala pabalaza ine ndinkapeza chochita kugalaja. Tikakumana m'kakhonde kopita kuzipinda, ndinkalowa m'bafa ngakhale ndilibe nalo ntchito. Tsopano anthu awiri amenewa amafunika kukhala m'kabwato kotalika ngati benchi, mapazi anga atagunda msana wa mpando wawo.

Kumtsinjeko anatipatsa majekete oyandamitsa ndi nkhafi. Amayi anavala jekete lawo pamwamba pa diresi ndi chitenje, duku lili pamutu, ngati akupita ku msonkhano wa amayi. Wotitsogolera anali mayi wina wansangala wa pachilumba pomwepo. Anati wolemera thupi akhale kumbuyo chifukwa ndiye amawongolera. Kenako anatiyang'ana awirife n'kuseka, nati tisadandaule, mabanja ambiri amakangana m'bwato koma pofika kumtunda amakhala atagwirizana.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi, poti Chingerezi chothamanga chimawadutsa.

"Akuti tiyende bwino, amayi."

Tinanyamuka. Anzathu onse analunjika kutsogolo mondondozana. Ife tinayamba kuzungulira. Chifukwa chake ndinachiona msanga: amayi ankapalasa mbali imodzi yokha, ya kumanja, ndi mphamvu za munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse. Ine kumbuyo ndinkayesa kubweza koma nkhafi yanga inkangomenya madzi pamwamba. Ndipo akakweza nkhafi yawo, madzi onse ankathera kumaso kwanga. (Kawiri konse ndinadzimva ndikunena kuti zikomo.)

Tsono apongozi ungawauze bwanji kuti akulakwitsa? Ndinayamba chapatali.

"Amayi, kaya dzanja lamanjalo silinatope?"

"Ayi, lili bwinobwino."

"Ndimati mwina lamanzerelo lingadandaule kuti talisala."

"Inu palasani kwanuko, bambo a Tadala. Mtengo uwu ndauona katatu tsopano."

Wotitsogolera uja anafuula chapatali kuti tizipalasa mbali zonse. Ndinamasulira kuti akuti tikuchita bwino, kungoti ena amayesako ndi kumanzere. Amayi anayesadi kumanzere, ndi mphamvu zomwe zija, ndipo bwato linathamanga molunjika kwa nthawi yoyamba. Linalunjika m'mitengo. Mitengo yake ndi ija yomera m'madzi, mizu yake ili poyera ngati zala. Tinalowa mpaka mkati n'kukanirira, nthambi zili pamutu.

Ndinagwira nthambi imodzi kuti ndikankhe. Sindinadziwe kuti m'nthambimo mumakhala tinkhanu. Kamodzi kanagwera pantchafu panga n'kuyamba kuthamangira kumene mwendo wa kabudula umalowera.

Anatiuza poyamba paja kuti m'bwato saimirira. Ine ndinaimirira.

Zimene ndinakuwa ndili m'madzimo sindizikumbuka zonse, koma apongozi amazikumbuka ndipo anandithandiza kuzilemba pamtima. Akuti ndinaitana mayi anga ondibereka. Akuti ndinatsanzika Tadala. Akuti ndinalonjeza Mulungu zinthu zingapo zimene mpaka lero sindinazikwaniritse. Jekete linkandiyandamitsa chagada, miyendo ili m'mwamba, ine n'kumamenya madzi ndi manja onse. Kenako ndinamva dzanja landigwira pakhosi pa jekete, kugwira kwake kwa mbuzi yothawa.

"Bambo a Tadala! Imirirani!"

"Ndikumira, amayi!"

"Ndati imirirani!"

Ndinatsitsa miyendo. Madzi anandilekeza m'chiuno.

Mabwato ena onse anali atabwerera kudzaona, ndipo bambo wina wachikulire anali atakweza kale foni. Ndinayesa kuyenda mwaulemu kubwerera ku bwato, koma matope anagwira nsapato ya kumanzere osaibweza. Pokoka mwendo mwamphamvu, muzu wina unakola kabudula kumbuyo. Ndinamva kung'ambika kwautali, kosachita kufunsa.

Ndinangoima m'madzimo, poti madziwo ndiwo anali chovala changa. Apongozi anayang'ana kumbali. Mapewa awo ankagwedezeka. Anamasula chitenje chawo n'kundipatsira chakumbuyo, nkhope ili kwina.

"Valani. Musationetse zambiri, taona kale dziko."

Atatero anaphulika kuseka. Chikwatire mwana wawo ndinali ndisanawamvepo akuseka chotero, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Wotitsogolera anamangirira bwato lathu ku lake ndi chingwe n'kutikoka ulendo wonse wotsala. Amayi anaika nkhafi pamiyendo n'kumaona mbalame, akundilozera zokongola. Ine ndinali kumbuyo m'chitenje cha maluwa achikasu, n'kumavomera kuti eya, n'zokongoladi.

Padoko tinapeza mzere wautali wolowera m'sitima. Ndinauyenda wonse, phazi limodzi lili ndi nsapato, chitenje chikudontha. Mayi wina wachizungu anandiyamikira kuti chovala cha kwathu n'chokongola. Akazi anga anali atafika kale, atakhala pabenchi ndi kachikwama ka zogula kumsika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi losavalalo. Anayang'ana mayi awo. Anatulutsa foni n'kundijambula.

Pokatenga Tadala ku South Bend tinapeza chithunzicho chitatitsogolera. A Kachingwe anatichingamira pageti, anandigwira chanza ndi manja awiri ngati wofedwa.

"Pepani amwene. Koma malo munawapeza."

Tadala anafunsa m'Chingerezi chake chifukwa chimene ndinavalira siketi ya agogo. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti akatenge chikwama chake.

Chodabwitsa n'chakuti masabata amene anatsala, ine ndi apongozi tinayamba kukhala pabalaza limodzi. Munthu amene wakuvuula m'matope n'kukubwereka chitenje sungamuthawirenso kugalaja. Ankandifotokozera za munda wawo wa mbatata, ine n'kumawafotokozera za odwala ovuta. Tsiku lobwerera ku Malawi, pabwalo la ndege, anatsanzikana ndi mwana wawo ndi mdzukulu, kenako anandiitanira pambali. Ndinkayembekezera mawu a madalitso.

"Bambo a Tadala, muphunzire kusambira. Mwana wanga akadali wamng'ono kuti akhale mkazi wamasiye chifukwa cha nkhanu."

Ndinamvera. Loweruka lililonse m'mawa ndimapita ku dziwe losambirira la kufupi ndi kwathu. Kalasi ya akuluakulu ndinaipeza itadzaza, ndiye anandiika ya oyamba kumene, imene imachitikira mbali yosaya, moyandikana ndi ya ana. Anawo anayamba kale kudumphira kozama. Ine mphunzitsi akuti ndikupita patsogolo, ndipo mwezi wamawa tiyesa kuti ndisiye kugwira khoma.