Galimoto ya Bambo Ikufuna Miyendo

Lolemba

Yalira! Galimoto ya malemu bambo yalira m'mawa uno, itagona m'khumbi chiwaikire m'manda. Batire yobwereka, petulo wa m'chigubu, kutsokomola kawiri, kenako utsi mudzi wonse. Nkhuku zimene zimaikira pampando wakutsogolo zabalalika ngati zaona mphamba.

Loweruka ndi ukwati wa mwana wanga Tadala, ndipo apita kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake. Anapempha yekha, ine ndinalonjeza pamaso pa ankhoswe. Akuchimuna amafuna kuchita hayala ina ku Balaka, ndinawakaniza kwamtuwagalu. Ife a Ngozo mwana wathu sakwera chobwereka galimoto ili pakhomo.

Zimene zilipo: injini, hutala, mipando yachikopa, magalasi onse kupatula limodzi.

Zimene palibe: mawilo.

Nkhani yake ndi yakale. Bambo atamwalira, tinakangana zedi pa galimoto yomweyi, aliyense akuifuna. Amalume pofuna kuti pasakhale wodandaula anaigawa: ine thupi lonse poti ndine wodziwa kuyendetsa, achimwene a Lameki a ku Bwanje mawilo awiri, achemwali a ku Nsipe limodzi, lotsalalo mayi anakapereka kutchalitchi. Mtendere unabwera pamudzi, galimoto inakwera panjerwa.

Koma sindikupita kukagwadira aliyense ayi. Mawa ndikagula ena paboma. Mawilo ndi mawilo basi.

Mayi a Tadala akuti, "Nambala ya akuchimuna ija musaifufute." Akazi mantha!

Lachiwiri

Paboma kuyambira m'mawa. Sitolo iliyonse, galaja iliyonse, ngakhale kwa ogulitsa zitsulo zakutha kuseri kwa msika.

Ndaphunzira chinthu chimodzi. Malimu a masiku ano, zitsulo zovekapo matayala zija, ali ndi mabowo anayi kapena asanu. Galimoto ya bambo ili ndi mabawuti atatu. Atatu okha! Zaka zonsezi ndimaipukuta, sindinawerengepo.

Zimene ndamva lero:

"Mabowo atatu? Ndi galimoto kapena wilibala?"

"Abambo, zimenezo zinapita ndi atsamunda."

"Mukayesere ku Limbe, koma musanene kuti ndakutumani ndine."

Wowotcherera zitsulo wina wati angathe kuboola mabowo atsopano pa limu lililonse. Ndafunsa ngati lingalimbe. Wati, "Lilimba, bola musamathamange, komanso musamakhote." Msewu wopita kutchalitchi kwathu ndi makona okhaokha. Ndamuthokoza n'kuchoka.

Komabe sindinabwerere chimanjamanja. Ndapeza matayala anayi a kaunjika, saizi yake yeniyeni, ndabwera nawo pa kabaza, awiri m'khosi, awiri pamiyendo. Anthu a m'njira amandiwombera m'manja. Nsapato zapezeka, kwatsala mapazi.

Chabwino, ndikatenga mawilo a bambo omwewo kwa abale anga. Sikugwada kumeneko, ndi kusonkhanitsa banja.

Lachitatu

Ku Bwanje. Kutentha kwake, mayo! Anthu amakhalako bwanji? Jekete imene ndinavala kumtunda kuno ndafika nayo ili m'manja, malaya atamatirira kumsana.

Ndapeza achimwene a Lameki m'munda, akukweza matumba a mpunga pangolo. Ndipo ngoloyo ikuyendera chiyani? Mawilo a bambo! Ali matope okhaokha, koma ndawazindikira ngati mmene munthu amazindikirira mbale wake pamaliro.

Ndinakonzeka kukangana. Mawu onse ndinawasanja m'minibasi, mpaka ndi mwambi womwe. Sanagwire ntchito. Achimwene angoti, "Ukwati wa mwana wathu? Iwe pita ukakonze zina. Mawilo ndibwera nawo ndekha Lachisanu, pamodzi ndi mpunga wa paphwando."

Misozi inalengeza, kunena zoona. Chibale ndi fupa sichiola. Zaka zonsezi ndimawanena kuti ndi ouma manja, lero ndachita manyazi.

Awiri atheka. Ndauza Tadala kuti agule maliboni ambiri, galimoto yake ndi yaitali. Wandikumbatira. Mayi ake angofunsa kuti, "Munawagwira ndi manja mawilowo?" Kugwira chiyani, ndinawaona ndi maso!

Lachinayi

Pa Nsipe, pamene achemwali amakazinga tchipisi m'mbali mwa msewu. Andilandira bwino, andipatsa mbale yodzaza, tsabola wambiri. Ndili pakati pa kudya ndafunsa za wilo lawo lija.

Aloza pansi pa chiwaya. Ndi mbaula.

Limu la bambo, lochokera kutsidya kwa nyanja, analiwotcherera miyendo itatu, analicheka khomo lotulutsira phulusa, ndipo lafiira ndi makala.

"Ukafuna tenga," atero achemwali, "koma utenge ndi ana anga omwe ukawadyetse. Mbaula imeneyi yalipira sukulu, galimoto yako yaikira mazira."

Munthu wamkulu sakangana ndi mlongo wake pamsika, makamaka mbale ili m'manja.

Palibe chaonongeka. Mapulani atsopano:

awiri a ku Bwanje, kutsogolo;

la kutchalitchi, kumbuyo kumanja;

limodzi loboola la wowotcherera uja, kumbuyo kumanzere. Mbali imeneyo sikhota kwambiri, ndipo ndidzauza operekeza mkwatibwi kuti akhalire kumanja.

Ndamuimbira foni. Wati mawa masana likhala latheka. Mutu uwu bambo sanandisiyire pachabe.

Lachisanu

M'mawa kutchalitchi kwathu. Wilo limene mayi anapereka ndimalimva Lamulungu lililonse osadziwa. Ndi belu! Likulendewera pa nthambi ya mango, ndipo alimenya ndi chitsulo zaka zonsezi mpaka laoneka ngati dzira.

Ndapemphabe. Akatekisiti ati, "Katundu wa mpingo satsika mumtengo popanda komiti, ndipo komiti ikumana mwezi wa mawa. Komanso mukalitenga, anthu adziwa bwanji kuti ukwati wayamba?" Ndati adzamva hutala. Sanaseke.

Ndaimbiranso wowotcherera kuti aboole awiri. Foni wayankha mkazi wake. Magetsi anazima dzulo, mwini wake wapita kumaliro.

Madzulo, phokoso pamsewu, ana akuthamanga. Achimwene a Lameki afika! Asungadi lonjezo, abwera ndi mawilo onse awiri. Abwera nawo ali pangolo pomwepo, ng'ombe ziwiri patsogolo, mpunga pamwamba. Ananyamuka dzulo m'bandakucha, agona m'njira.

Ndatenga jeke ndi sipanala, ndagwada, ndapala matope. Manati palibe. Mawilo anawawotcherera kuchitsulo cha ngolo, kuzungulira konse.

"Mabawuti a ngolo sankagwirizana ndi mabowo ako atatuwo," akutero achimwene, akumwa thobwa. "Iwe unati ukufuna mawilo paukwati. Si awa?"

Nambala ya akuchimuna sindinaifufute. Ndaimba ndili kuseri kwa nkhokwe kuti wina asandimve. Galimoto ya hayala ija inatengedwa kale ndi ukwati wina, nyengo ino anthu akolola, aliyense akukwatitsa.

Mayi a Tadala angopitiriza kusankha mpunga. Bola akanandilalatira. Mwana wanga ali m'nyumba, anzake akumuluka tsitsi, akuimba, sakudziwa. Ndikuopa kulowa.

Loweruka

Ndamuuza Tadala m'mawa. Ndayamba ndi mbiri ya mabowo atatu, wandidula. Wapita m'khumbi, watsegula chitseko chakumbuyo, wakhala pampando nthawi yaitali, chitenje kumutu. Ine chilili panja ngati mbuzi yogulitsa.

Kenako: "Bambo, mpandowu umamasuka?"

Umamasuka. Manati ake ndiwo okha amene andimvera sabata yonseyi.

Tatsuka ngolo ndi sopo, tayala mphasa, tamangirira mpando wachikopa ndi zingwe. Maliboni onse apita pangolo, otsala panyanga za ng'ombe. Ine ndamasula hutala ndi batire, ndaika pamiyendo, ndakhala kutsogolo pambali pa achimwene, suti yanga yabwino. Woyendetsa ndine ndithu, achimwene angogwira chikwapu.

Kuliza koyamba ng'ombe zadzidzimuka, zathamanga mpaka pa mlatho. Velo m'mwamba, operekeza akukuwa, Tadala akuseka mpaka misozi. Makona onse takhota, wilo silinagwedere n'limodzi lomwe. Zitsulo zakale!

Pofika kutchalitchi, mudzi wonse uli pambuyo pathu, nthungululu, fumbi, amayi akuvina atatukula masamba. Akuchimuna a ku Balaka aima pakhonde, mafoni m'mwamba. Bambo a mkwati andinong'oneza, "Ndiye galimoto munkanena ija?" Ndati, "Mbali yake." Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, sindinama.

Koma potsika, Tadala wagwira mkono wanga, wati, "Mpandowu ukununkhirabe fodya wa agogo. Ndimamva ngati ali pambali panga njira yonse." Ndatembenukira kwa ng'ombe ngati ndikukonza liboni. Munthu wa zaka zanga kulira pamaso pa akuchimuna!

Wafika nthawi yabwino, diresi lili loyera. Ndani anganene kuti ndalephera?

Lamulungu

Achimwene a Lameki anyamuka kusanache, mpando uli pangolo pomwepo. Asiya uthenga kwa mlamu wawo kuti msana wawo sunamvepo bwino chonchi, ndipo poti mpandowo ndi wa bambo, ndi wa tonse. Sindiwatsatira. Ku Bwanje kukutentha.

Mwini batire wadzatenga batire yake. Wowotcherera waimba kuti magetsi ayaka, angathe kuboola malimu aja. Ndamuuza kuti apitirize kupuma. Matayala anayi aja mayi a Tadala awaunjika pakhonde, akuti adzalamo maluwa.

Tadala wapita masana ndi mwamuna wake, pa minibasi, sutikesi pamiyendo. Tinawaperekeza mpaka kumsewu waukulu. Kondakitala sanatipatse ndi mpata wotsanzikana bwino.

Pobwera ndalowa m'khumbi, ndakhala pa chiwongolero. Mwina ku Limbe alipodi a mabowo atatu, koma ndithamangira kukanyamula ndani? Ndayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Mpando palibe, mwana palibe.

Mayi ake akuitana kuti tikabweze mapoto a eni.